Kathole kanalira, mayi wake anayankha

Moni abale ndi alongo m'dzina la Yesu. Ine ndine mayi a Talandira, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndili kuno ku Joni. Sindine wodziwa kulankhula pagulu, ndipo sukulu ndinalekera panjira, choncho mundipirire. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene amuna anga anatsala pang'ono kumangidwa chifukwa cha ng'ombe zimene sanabe.

Bambo a Talandira amadyetsa ng'ombe za a Modise, kumudzi wina kupitirira Kroondal. A Modise ndi munthu wamkulu, tonse timangowatchula kuti Madala. Kale ankagwira ntchito mumgodi limodzi ndi machona a kwathu, ndiye Chichewa amachiyesako. Ng'ombe iliyonse amaidziwa dzina, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake: ina ndi ya sukulu ya mdzukulu, ina ya maliro akadzagwa. Zina anali atazipatula kuti zikhale malowolo a mwana wawo wamwamuna, a Kabelo. Pakati pa zimenezo panali yaikazi yofiira dzina lake Pula, imene inali itangobereka. Kathole kake kankatsala kukhola masana, ndipo ine ndi amene ndinkakapatsa madzi, Talandira ali kumbuyo. Kanandizolowera mpaka kumandinyambita chitenje.

Tsiku lina masana kunagwa mvula yamatalala ndi mabingu. Ng'ombe zinabalalika. Amuna anga anazisonkhanitsa movutika, koma pofika kukhola Pula ndi zinzake za malowolo panalibe. Mvula inali itafufuta mapazi onse. Iwo sanakhale pansi n'komwe, anangosintha malaya n'kubwerera kutchire.

A Kabelo atafika kuchokera ku Geelhoutpark kumene amakhala, analankhula mawu olasa. Anati bwanji zasowa za malowolo zokhazokha, ndiye kuti mlendoyu, kutanthauza amuna anga, wapangana ndi akuba. Anati akaitana apolisi. Abale, mapepala a amuna anga okhalira m'dziko lino anali atatha. Ndinadziwa kuti apolisi akangofika, nkhani sikhalanso ya ng'ombe yokha. Akawatsekera, kenako n'kuwabweza kumudzi, ine n'kutsala ndi khanda m'dziko la eni.

Kunacha, kunada, kunachanso, amuna anga osabwera. Foni yawo inali itazima. Mtima wanga sunakhazikike. Ndikalowa m'nyumba ndinkaona ngati ndamva mapazi, ndikatuluka n'kupeza palibe munthu. Ndinkapita kumsewu, kubwerera, kupitanso. Mnzanga wina wa ku Nkaneng anandiimbira kuti, "Iwe, longedza ubwere kuno. Ukudikira kuti akupeze pakhomo?" Ndinamanga zovala m'chitenje, kenako ndinamasula. Ndinamanganso. Ndikathawa ndiye kuti ndavomera kuti ndife akuba, koma ndikakhala nanga mwanayu? Chakudya sichinkalowa. Ndipo kathole kaja kankalira kosalekeza, mawu mpaka kusasa. Mkaka wa m'botolo kankaukana. Kakalira, Talandira nayenso ankayamba.

Pemphero lalitali linandikanika. Ndinagwada pafupi ndi khola, m'matope momwemo, n'kunena kuti, "Ambuye, ine mawu ndilibe. Imvani kulira kwa kanyama aka, ndi kwanganso komweko."

Ndisanadzuke bwinobwino ndinamva galimoto. Inali baki ya Madala, galimoto yonyamulira katundu kumbuyo, a Kabelo ali pachiwongolero nkhope ili gwa. Ndinati basi, abwera kudzatitulutsa. Madala anatsika ndi ndodo yawo, anaima n'kumvetsera kathole kwa kanthawi. Kenako ananditembenukira.

"Makoti," anatero, chifukwa amanditchula ngati mpongozi wawo, "mwana wa munthu sitimupereka kwa apolisi tisanafunse ng'ombe. Kwera kumbuyo, ukagwire aka. Ife katikana, iwe kakudziwa."

Sindinamvetse, koma ndinakwera. Ndinakhala pansi m'baki, Talandira kumbuyo, kathole ndakakumbatira pakhosi. Tinkayenda pang'onopang'ono. Tikafika pena Madala ankagogoda kuti galimoto izimitsidwe, kathole n'kulira, ife n'kutchera khutu. Zii. Tinkapitanso patsogolo, n'kuimanso. Tinadutsa minda, tinadutsa milu ija ya dothi la mumgodi. A Kabelo ankangoyang'ana foni n'kumang'ung'udza kuti tikutha mafuta pachabe.

Panjira tinaona munthu akubwera motsimphina. Anali bambo a Talandira. Milomo inali itauma, nsapato imodzi itang'ambika mpaka chala kuonekera. Anali atazungulira midzi ndi malo ogulitsira nyama, kufunsa aliyense. Madala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Kabelo, taona wakuba wako uja. Wagulitsa ng'ombe, walephera kugula nsapato!"

Amuna anga anakwera n'kukhala pambali panga. Anangogwira kaphazi ka Talandira.

Tinafika pa mpanda wa waya wozungulira malo a mgodi, kumene anthu saloledwa kudyetsako ziweto. Amuna anga anati anadutsapo kale koma sanalowe, ankaopa alonda. Galimoto inazima. Kathole kanali katatopa, kanangogoneka mutu pamwendo panga. Ndinakasisita, ndinakadzutsa, mumtima ndikuti lira mwanawe, lira kamodzi kokha. Kanalira ndi mawu osasa aja.

Kutali, kumunsi m'mabango, ng'ombe inayankha.

Abale, ndinalira ngati mwana. Kathole kanadumpha kufuna kutuluka m'baki, amuna anga n'kukagwira miyendo. Madala anakalankhula ndi alonda, ndipo anatilola kulowa. Tinapeza malo amene waya unagwa ndi mtengo tsiku la mvula lija. Pula anali atatitimira m'matope mpaka m'mimba, zinzake zikudya udzu chapafupi, sizinamusiye. Anamukoka ndi zingwe, ndipo amene analowa m'matope mpaka m'chiuno ndi thalauza lake labwino anali a Kabelo.

Kupepesa ndi pakamwa sanapepese. Koma Loweruka lotsatira anabwera ndi nsapato zatsopano za jombo, anazisiya pakhomo pathu n'kumapita. Ng'ombe zija zinapita ku malowolo, ndipo paukwati ine ndinali m'gulu la ophika. Za mapepala tikuyendabe nazo, Madala akutithandiza, mutikumbukire m'mapemphero.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira mtima wa Madala kuti asafulumire. Ndikuthokozanso kuti sindinathawe, chifukwa kathole kaja sikakanalola kugwiridwa ndi munthu wina. Inu amene mwamanga katundu, mtima uli m'mwamba, mwina mwatopa ngati mmene kanatopera kanyama kaja. Musaleke. Ngakhale mawu atasasa, lirani kamodzinso. Ngati ng'ombe yotitimira m'matope inamva mwana wake, kuli bwanji Atate wathu wakumwamba? Amen.