Mgiriki amene anaphunzitsa mwendo wanga wamanja kudumpha

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndikufuna ndikuuzeni za bondo langa, lomwe linatsala pang'ono kundibweza kumudzi chimanjamanja.

Ndinafika ku Maryland, kutsidya la nyanja, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Koleji ina inanditenga kuti ndiziphunzira ulere chifukwa ndinkathamanga mpikisano wodumpha zotchinga. Chaka chachiwiri ndinakodwa pa chotchinga n'kugwa, ndipo bondo lamanzere linawonongeka mkati. Atandichita opaleshoni, adokotala anati kuthamanga ndidzathamanga, koma mwendo umenewo sudzathanso kutsogola podumpha. Kochi wathu sanabise mawu: ndikapanda kubwerera pabwalo chaka chotsatira, malo anga apatsa wina.

Abale, ndinasweka mtima. Ndinkangobindikira m'chipinda ku Lanham, chakudya osachifuna, n'kumaganiza za bambo anga amene anali atalengeza kale kumpingo kuti mwana wawo adzabwera ndi digiri. Kupemphera kwenikweni kunandikanika, ndinkangoti Ambuye musandisiye.

Amene anaona kuti ndasowa kutchalitchi anali Mayi Tembo, namwino wochokera ku Chipata. Anabwera kudzanditenga pa galimoto mpaka ku Laurel, ku lesitilanti yaing'ono ya Bambo Stavros, Mgiriki waimvi amene mkazi wake anasamaliridwapo ndi Mayi Tembo kuchipatala. Bambowa ali anyamata ankaimira dziko lawo pa mpikisano wa masewera khumi, wophatikiza kuthamanga, kulumpha ndi kuponya nthungo, koma pamtima pawo panali zotchinga. Nawonso anaduka mtsempha wa kuchidendene, ndipo anasiya masewera poti panalibe wowathandiza.

Anandiuza kuti ndiyende uku akundiyang'ana, kenako anagwira bondo lija.

"Mulungu anakupatsa miyendo iwiri," anatero. "Tiphunzitsa winawo."

Tinayamba kukumana m'mamawa pabwalo la sukulu ina, iwo asanatsegule lesitilanti. Poyamba ndinkalumpha makatoni a tomato, mwendo wamanja uli patsogolo. Zinkandivuta ngati kulemba ndi dzanja lomwe sunalizolowere. Tsiku lina kukuzizira koopsa ndinagwa, n'kuvula nsapato, n'kunena kuti basi ndalephera. Iwo anangotola nsapatozo, n'kukhala pansi pambali panga mpaka ndinazivalanso.

Nyengo ya mipikisano itafika, sindinapambane ayi, ndinamaliza ndili pakati pa gulu la othamanga. Koma chotchinga chilichonse ndinachidumpha osachikhudza, ndipo kochi ananditsatira n'kundiuza kuti malo anga ndi anga. Nditacheuka ndinaona Bambo Stavros atagwira waya wa mpanda, epuloni ili m'chiuno, misozi ili mbwembwembwe. Anali atasiya makasitomala kuti adzandione.

Digiri ija ndinaitenga. Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira munthu wa dziko lomwe sindinalipondepo. Inu amene mwauzidwa kuti zanu zatha, pitirizani kupemphera, ndipo wina akagogoda kuti akutengeni, musakane kutuluka.