Kalembera wa makanda obanika

Pa siteji ya Mtunthama, mayi wina wobereka khanda ankasuzumira kumsewu, kudikira minibasi ya kuchipatala. Wogulitsa nthochi anamufunsa:

"Mwanayo akupuma ngati kamphaka bwanji, achemwali?"

"Ndi chifuwa chobanikitsa makanda chija, chimabwera fodya akalowa m'chigafa."

"Azaumoyo sanamulembe? Kwathu akuwerenga ana odwala, kuti aone kumene chafika."

"Anabwera. Koma anthu ataona buku, anati ndi makuponi a feteleza. Mudzi wonse unayamba kutsokomola, mpaka apongozi anga opanda mano!"

"Nanga mwanayu?"

"Pomwe ndimafika kutsogolo n'kuti buku litadzaza."

"Ndiye pakhomo panu sanalembepo munthu?"

"Analemba bambo ake. Panopa boma likudziwa kuti kwathu kuli khanda la ndevu, la miyezi inayi."