Mawaya a Mapulagi Agolide

Loweruka masana pa siteji ya basi ku Bull Ring, kudziko la azungu, bambo wina anagwetsa mawaya amene anagula, n'kudandaula m'Chichewa. Mayi amene anaima kumbuyo kwake anaseka.

"Achimwene, ndinu akumudzi eti? Zingwezi mukukamangira mbuzi?"

"Ndi mawaya a masipika awa, achemwali. Okhuthala, mapulagi ake agolide. Bomba likaphulika muvidiyo, mipando izichita kunjenjemera."

"Aneba sadandaula?"

"Alipo wina amakhala pansi panga m'nyumba yosanja ku Tipton. Sindinamuonepo, akuti ndi nesi wausiku. Amangokhalira kugogoda denga ndi tsache masana onse. Nsanje basi."

"Nyumba yoyang'anana ndi shopu ya tchipisi ija?"

"Eya! Mukuidziwa?"

"Tsachelo linathyoka dzulo, achimwene. Lero ndagula sizasi yaikulu. Tabweretsani wayayo ndiyesere pompano."