Masipika Olankhula Kumbuyo kwa Apongozi

Pamzere wa kwa okonza mawailesi panali bambo wa jekete, atakumbatira timasipika tiwiri. Bambo wina amene anaima pambuyo pake, chisipika chachikulu chili paphewa, ndiye anayambitsa nkhani.

"Achimwene, tavuta chiyani timeneto?"

"Timakhala kumbuyo kwa sofa iti. Takutsogolo tikulira bwinobwino, koma iti tangoti zii."

"Mawaya munalumikiza bwino? Wofiira pofiira, wakuda pakuda?"

"Kanayi konse. Ndikalumikiza timalira. Ndikapita kuntchito n'kubwerako, zii."

"Si makoswe amenewo?"

"Nanenso ndinkatero, mpaka ndinatchera misampha. Dzulo ndinaweruka msanga, ndinapeza apongozi anga atagwada kuseri kwa sofa, akuzula mawaya."

"Aa! Chifukwa?"

"Akuti akamaonera filimu amamva mapazi kumbuyo kwawo, nthawi zina munthu akupuma. Akatembenuka, khoma. Akuti munthu waulemu amalankhulira pamaso."

"Simunawafotokozere kuti timasipikati anatipanga choncho?"

"Ine kuwatsutsa apongozi? Ndinawaunikira ndi tochi kuti azule bwino."

"Nanga kuno mwadzatani, poti n'tabwinobwino?"

"Ndawauza kuti ndikukachotsamo anthuwo. Timeneti tikhala kuno mpaka apongoziwo atabwerera kwawo. Nanga inu, chanucho chatani?"

"Ichi n'chogunda besi chija, cha mawu aakulu. Chinasiya kulira mwezi watha."

"Fyuzi inapsa?"

"Ayi. Mayi akunyumba anaona kuti n'katebulo kabwino, anaikapo mphika wa maluwa."

"Maluwa okha sangaphe sipika."

"Amawathirira m'mawa uliwonse, achimwene. Mukanawaona maluwawo mmene akukulira!"