Bambo Doolan, Amene Ankaona Mitambo M'madzi

Malemu amene agona patsogolo pathupa, bambo Mervyn Doolan, anabadwa pa 9 Malichi 1952 kuno ku Cunnamulla. Anali achitatu mwa ana asanu a bambo Cecil ndi mayi Thelma Doolan. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Desmond Quilty, mlamu wawo, ndipo ndinameta nawo nkhosa m'shedi imodzi, nyumba yometeramo nkhosa, zaka zoposa makumi awiri.

Sukulu anayamba mu 1958, koma aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu thupi lili m'kalasi, maso ali pawindo. Ankakonda mitambo. Ankagona chagada pamsipu kuseri kwa sukulu, n'kumati mitambo ndi nkhosa zosameta zimene zikupita kumadzulo popanda galu wozikusa. Mu 1968 analowa gulu la ometa nkhosa, ndipo pofika 1975 ankameta nkhosa mazana awiri pa tsiku.

Pa 14 Ogasiti 1976 anakwatira mlongo wanga, mayi Noeleen. Ine ndinawachenjeza achemwali angawo kuti munthu uyu adzagwera m'dzenje akuyang'ana kumwamba. Sanandimvere, ndipo anachita bwino.

Msana unayamba kuwavuta mu 1978. Apa ndinena zoona zokhazokha, pakuti anandipempha okha kuti ndisabise kanthu. Wometa nkhosa aliyense msana umamupweteka, ndipo ukadandaula m'shedi anzako amakuseka. Koma ife unkatipweteka madzulo tikaweruka. Iwo unkawagwira m'mamawa, wouma gwa ngati thabwa, n'kumasuka akameta nkhosa khumi. Ife tinkangoti, "Merv, msana wakowu ndi wa abwana eti, umachira ndi ntchito." Eni ake ankaseka nafe limodzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe anazindikira kuti kusiyana kumeneku kunali matenda.

Chaka chotsatira diso la kumanzere linafiira, ndipo kuwala kwa dzuwa kunkawalasa. Tinati ndi fumbi la m'khola. Tinawatsuka ndi tiyi wozizira monga tinkachitira tonse, n'kuwatsitsira chipewa kumaso. Linkachira, kenako patapita chaka n'kufiira linalo. Iwo ankati likafiira, dziko limakhala ngati m'mawa wa nkhungu: nyali iliyonse imavala nkhata yake, ndipo nkhosa zimayenda osaponda pansi. Ankafotokoza mokoma moti tinkaiwala kuti munthu akumva ululu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, abale anga, tikuthira tiyi m'maso mwa munthu.

Mu 1998 mayi Noeleen anawakweza galimoto mokakamiza mpaka ku mzinda wa Toowoomba. Dokotala wa maso atawayang'ana, anayamba kufunsa za msana, malemu n'kudabwa kuti nkhani ya diso yafika bwanji kumsana. Anawatenga magazi, ndipo anapezamo chizindikiro chotchedwa HLA-B27, chimene munthu amabadwa nacho. Anawafotokozera kuti diso ndi msana ndi nthenda imodzi, yotupitsa m'kati, imene imamata mafupa a msana pang'onopang'ono. Mankhwala analipo, koma tinachedwa. Diso la kumanzere linali litafa kale, ndipo msana unali utaumira chopindika, monga mmene ankaweramira pometa. Ntchito anasiya chaka chomwecho.

Kuyambira pamenepo, munthu wokonda mitambo sanathenso kudzutsa mutu. Ngakhale kugona chagada kunakanika. Zinatiwawa tonse, ine makamaka, chifukwa amene ndinkaseka kwambiri m'shedi muja ndine. Koma iwo anapeza njira yawo. Masana aliwonse ankapita pa chomwera nkhosa chili kuseri kwa nyumba yawo, n'kuima chowerama chomwecho, kuyang'ana m'madzi. M'menemo munkadutsa mitambo, zinkhwe, nthawi zina ndege kuchokera m'mphepete muno kukatulukira uko. Nkhosa ikabwera kudzamwa ankaiuza kuti, "Pang'onopang'ono mayi, mukundigwedezera kumwamba." Mayi Noeleen ankatsuka chomweracho Loweruka lililonse kwa zaka 26, kuti ndere zisaphimbe madzi.

Mu Juni chaka chino anadwala chibayo. Nthiti nazo zinali zitauma, chifuwa sichinkafutukuka bwino, ndipo anatisiya pa 2 Julayi 2024 m'chipatala cha m'tauni muno, mayi Noeleen ali pambali pawo.

Kutatsala masiku awiri anandiitana, n'kundipatsa mawu oti ndinene pano pamaso pa anthu, chifukwa kunyumba anauza mwana wawo kanayi, iye osamvera. Mwana wawoyo, Clinton, amene akumeta nkhosa tsopano, wavala magalasi akuda lero. Ambiri mukuganiza kuti akubisa misozi. Wakhala akuwavala kuyambira Epulo. M'mamawa amadzuka chogwirira khoma, ndipo anzake m'shedi akumuseka nthabwala yomwe ija tinkaseka ife. Dokotala uja ananena kuti si mwana aliyense amatengera chizindikirocho, ndiponso si aliyense amene ali nacho amadwala. Koma diso lofiira ndi msana wouma m'mawa si zoyembekezera kuti nyengo yometa ithe kaye.

Clinton, mawu a bambo ako ndi awa: "Nkhosa sizitha, mwanawe. Kayezetse magazi khosi likadali kutembenuka. Chomwera chija ndi changa, sindikukusiyira." Ine ndine malume ako. Lachinayi 6 koloko m'mawa galimoto yanga idzakhala pageti pako, ndipo sindidzachokapo mpaka utuluke, tipite kwa dokotala.

Malemu asiya mkazi, mayi Noeleen, ana awiri, Clinton ndi Raelene, komanso zidzukulu zinayi. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira masiku omaliza, anyamata a m'shedi amene anyamula bokosi, ndi amayi amene atikonzera tiyi kuholo, wakumwa, osati wa m'maso. Tikuthokozanso okonza thupi, amene anamva pempho la mayi Noeleen n'kuwatsamiritsa bwino malemu, kuti nkhope iyang'ane kumwamba.

Alamu, mzimu wanu uuse mumtendere. Lachinayi mwana wanu ndipita naye.