Magazi a Nkiruka ndi Mkamwini

Kuparishi kwathu ku Nsukka anthu samanga ukwati asanayezetse magazi, ndipo wofotokozera makolo ndine, katekisiti Okwudili, amene sayansi ndinaisiyira ku pulayimale. Tsiku lina Mayi Ugochi, ogulitsa mafuta ofiira ophikira pamsika, anandipeza pakhonde la tchalitchi chifukwa mwana wawo Nkiruka ankafuna kukwatiwa.

"Akatekisiti, akwawo kwa mnyamata abweretsa kale vinyo wofunsira ukwati. Magaziwo mukuwafuniranji?"

"Tione ngati akufanana, mayi."

"Afanane kumene! Sazikangana."

"Ayi! Onse akakhala ndi mbewu ya sikoselo, matenda a magazi aja, ana akhoza kudzavutika."

"Mbewu? Nkiruka sanagwirepo khasu."

Ndinakhosomola, ndikukonza kolala ngati dokotala. "Mbewu ya m'thupi. Zotengera kumakolo. Masiku ano asayansi amatha kudula kachidutswa kodwalako m'mbewumo."

"Ndi lumo?"

"Ndi... chida china chake."

"Simukuchidziwa."

"Ndikuchidziwa! Dzina lokha landithawa."

Anasendera pafupi, nanong'ona. "Poti akudula kale, adulenso ulesi wa kwa mkamwini wangayo, usafike kwa zidzukulu zanga. Bambo ake amatopa ndi kuyasamula komwe."

"Ulesi si matenda, mayi."

"Simunawaone."

"Mpingo umalola kuchiza wodwala. Koma mwana si malaya oti muuze telala kuti apa pafupike, apa patalike."

"Telala uti? Wa kuseri kwa msika uja? Anandiwonongera nsalu ya Pasaka!"

"Palibe telala!"

"Mwamutchula ndinu. Chabwino, ulesi ausiye. Makutu okha. Banja lonselo makutu ngati mbale."

"Makutuwo anawapatsa ndi Mulungu!"

"Nanga sikoselo anawapatsa ndani?"

Apo ndinayang'ana kunyumba ya ansembe, koma Bambo Mfumu anali atapita kukadalitsa njinga yamoto ya munthu. Ife akatekisiti yankho likatisowa timakweza mawu, ndiye ndinaimirira, chala m'mwamba, mpaka amayi osesa m'tchalitchi anasuzumira pazenera.

"Mayi Ugochi! Munthu si chinangwa choti musankhe pamsika! Mlandireni mmene Mulungu anamuumbira, makutu, magazi, zonse!"

"Magazi omwe?"

"Zonse, ndatero!"

Anachita chizindikiro cha mtanda, anamanga mpango wawo bwinobwino, nanyamuka nkhope ili ngwee.

"Amen, akatekisiti. Ndikawauze Bambo Mfumu kuti zoyezetsa zija mwazithetsa, kapena mukawauza nokha?"