Tsiku Limene Ndinaleka Kugwada pa Intavyu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine Esinati wa ku Senga Bay, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kutaya mwana chifukwa cha ulemu wanga womwe.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene sunkakwera basi wopanda khadi la chipanicho. Amuna anga, amene anali msodzi, anamwalira ndi chifuwa n'kundisiyira ana atatu. Bwato ndi maukonde anatenga abale awo, ine n'kumakhalira kuwamba nsomba za eni. Atsibweni anga anabwera kuchokera ku Chitala n'kugamula kuti mwezi umenewo ukatha ndisanapeze ntchito, mwana wanga woyamba Lusiya asiye sukulu akalere ana a anthu ku Lilongwe. Anali Sitandade 7, wanzeru kwabasi. Koma mawu a atsibweni angawatsutse ndani?

Ndinali nditayesa kale kawiri, kuchipatala ndi kusukulu ina, konseko anandibweza. Sindikubisirani, ndinakwiyira Mulungu. Kenaka ndinamva kuti hotela ina ya kunyanja ikufuna mayi wa kukhitchini wodziwa kugula nsomba. Intavyu inali Lachinayi, mwezi unkatha Loweruka.

Lamulungu titaweruka, Mayi Mhango, mphunzitsi wochokera kumpoto, anandipeza ndikulira kuseri kwa tchalitchi. Atamva nkhani yanga ananditengera kwawo, anakhala kuseri kwa tebulo n'kuti ndilowe ngati ndafika pa intavyu. Ndinalowa chowerama n'kugwada pafupi ndi chitseko, maso pansi, monga anandilerera amayi anga. Atati ndinene za ine, ndinatchula mudzi wathu, mfumu yathu, ndi maliro a amuna anga. Atafunsa chifukwa chimene angalembere ine osati ena, ndinati, "Ndinu mukudziwa, bwana, ine ndine wosauka chabe."

Anamenya tebulo. "Mayi inu! Anthu akufuna wantchito, inu mukuwapatsa maliro?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinawayankha kuti kudzitama ndi tchimo, ndipo mkazi woleredwa bwino sayang'ana akulu m'maso. Iwo anati kunena zimene Mulungu anaika m'manja mwanga si kudzitama, kuzibisa ndiye kumunyoza. Masiku atatu anandikhazika pampando n'kumandifunsa mobwerezabwereza. Ankati ndinene dzina, ntchito imene ndimaidziwa, ndi chitsanzo chimodzi chogwirika. Akafunsa chofooka changa ndinene zoona, komanso mmene ndikulimbana nacho.

Lachinayi ndinalowa m'chipinda muli bwana wa hotelayo ndi wophika wamkulu. Maondo anga ankafuna kugwada okha. Ndinapemphera chamumtima, "Yesu, ndigwireni," n'kukhala pampando. Ndinanena kuti ndine Esinati, ndakhala ndikusankha ndi kuwamba nsomba kuyambira ndili mtsikana. Kenaka linabwera funso lija, chifukwa chiyani inuyo osati ena. Lilime linayamba kale kuti "Ndinu muku...", ndinaliluma.

Pakhomo la khitchini, lomwe linkaonekera m'chipindamo, panali dengu la chambo chimene chinali chitangofika. Ndinapempha kuti ndichione. Ndinatenga nsomba imodzi, n'kuyang'ana m'makha, mopumira muja, munali motuwa m'malo mofiira. Nditadina pamimba, chala chinasiya dzenje. Ndinati, "Izi n'zadzulo, bwana. Azinyika m'madzi n'kuziwaza mchenga kuti zioneke ngati zangovuulidwa kumene."

Wophika uja anandiyang'ana nkhope itakwinyika n'kuti, "Ndagula ndine zimenezo."

Mayo ine! M'maganizo ndinaona Lusiya ali pa basi ya ku Lilongwe. Bwana uja, osaseka n'komwe, anafunsa chofooka changa. Ndinati, "Ndi chomwe mwaonachi, pakamwa panga sipachedwa. Ndikuphunzira kuyamba ndaganiza, koma nsomba yoola sindingaitche yabwino." Anangoti ndizipita, ndidzamva.

Lachisanu sikunabwere uthenga uliwonse, sindinadye. Loweruka m'mawa atsibweni anafika, Lusiya atamanga kale tizovala take m'chitenje, yunifolomu ataisiya pachingwe kuti adzavale mng'ono wake. Tikutuluka kupita kokwerera basi, njinga inaima pabwalo. Anali wophika uja, yemwe ndinamuchititsa manyazi pamaso pa bwana wake. Anati, "Nsomba zija tinataya zonse. Lolemba mubwere m'mamawa mudzayambe ntchito, kugombe kokagula nsomba muzipita ndinu."

Pamenepo ndiye ndinagwada, abale, pamchenga pomwepo, ndipo sindinagwadire munthu. Lusiya anangopita pachingwe n'kukatenga yunifolomu yake.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira Mayi Mhango kuti andikalipire. Inu amene mwabwezedwa kawiri katatu, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera. Akakupatsani mpando khalanipo, dzutsani mutu, munene zoona za zimene manja anu amadziwa. Lusiya anamaliza sukulu, ndipo lero ndi iyeyo amene akundilembera mawu awa. Ambuye alemekezeke.